Usiku 7 pa Queen Mary 2, kuchokera ku Southampton mpaka ku New York

Chinatikweza Queen Mary 2 ndi khutu la mayi akunyumba. Atachitidwa opaleshoni, adokotala anawaletsa ndege kwa miyezi ingapo, pomwe mwana wathu wamkazi ku New York anali atatopa, masiku ake ochira atayandikira. Mayiwo ananeneratu kuti mdzukulu woyamba sangamuonere pa foni. Ndiye tinakhala pansi n'kuyamba kufufuza njira ina, ndipo tinapeza kuti sitima yonyamula anthu yomwe imawolokabe nyanja ya Atlantic mokhazikika, pa ndandanda yodziwika, yatsala imodzi yokha. Ndi ya kampani ya Cunard.

Ine ndagwira ntchito yolemba ndi kulondoloza mapepala a katundu wa pa doko kwa zaka zambiri. Mayina a sitima ndi a makampani ake ndimawadziwa ngati mayina a anansi, koma ndinali ndisanagonepo pa nyanja ngakhale usiku umodzi. Choncho ndinakwera ndi maso a munthu wa katundu, ndipo zomwe ndilembe pano zikhala ndi fungo limenelo. Ndineneretu kuti ulendowu ndinaukonda kwambiri, ndipo ndalama zathu sizinalowe m'madzi. Koma chomwe munthu amagula pa sitimayi si chakudya kapena magule ayi. Amagula mwayi womva m'thupi mwake kutalika kwenikweni kwa pakati pa England ndi America, kutalika komwe ndege inatibisira.

Kukwera kunali kosavuta. Masutikesi tinawasiya pakhomo la doko ku Southampton titawamangirira timapepala ta nambala ya chipinda, ndipo madzulo tinawapeza ali pakhomo pathu. Palibe amene anatifunsa za makilogalamu monga amachitira a ndege, zomwe zinawakomera mayi chifukwa sutikesi imodzi inali yodzaza ndi zovala za khanda. Sitimayo ukaima pansi pake suiona yonse. Ndi yotalika mamita 345, yakuda m'munsi, yoyera m'mwamba, ndi chumuni chofiira chakuda kumutu. Imanyamula anthu apaulendo pafupifupi 2,700 ndi antchito oposa 1,200. Inamangidwa ku Saint-Nazaire m'dziko la France ndipo inayamba maulendo mu Januwale 2004, Mfumukazi Elizabeth II itaipatsa dzina.

Tinatenga chipinda chokhala ndi khonde lotchingidwa ndi chitsulo cha thupi la sitima, cha m'munsi ndithu. Ndikulangiza aliyense wowoloka m'miyezi ya mphepo kuti asankhe chotere, chapakati pa sitima, osati chapamwamba choonekera patali. Bedi linali labwino, bafa laling'ono koma lokwanira, madzi otentha nthawi zonse. Mnyamata wosamalira chipinda chathu anali atadziwa kale pofika tsiku lachiwiri kuti mayi amafuna pilo wowonjezera kumbali ya khutu lodwalalo, ndipo sanachite kukumbutsidwanso.

Ponyamuka, hutala ya sitima inalira. Sindinamvepo mawu otere. Amalowera kumapazi n'kukwera m'chifuwa, ndiii, mpaka mano kunjenjemera. Imodzi mwa mahutala a pa chumunipo inachotsedwa pa Queen Mary yoyamba ya 1936, yomwe lero ili chikhalire ku Long Beach ku California. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti mawu omwewa anawamva asilikali opita kunkhondo ndi mabanja osamukira ku America, anthu omwe ambiri mwa iwo sanabwererenso.

M'makonde a m'kati mwa sitima muli zikwangwani zazikulu za zithunzi ndi mbiri ya kampaniyi. Anthu ambiri amangozidutsa popita kukadya. Ine ndinathera m'mawa wonse wa tsiku loyamba pamenepo, ndipo ndinabwererako kangapo. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti Cunard sinayambe ndi anthu olemera ovala masuti. Inayamba ndi makalata. Samuel Cunard anali wamalonda wa ku Halifax ku Nova Scotia, wobadwa mu 1787. M'nthawi yake makalata ankawoloka pa zombo zoyendera mphepo, ndipo palibe ankadziwa tsiku lofika. Mphepo ikakana, kalata inkatha mwezi ndi theka ili panyanja, wamalonda kutsidya akudikira kuti adziwe mtengo wa thonje. Boma la Britain litafuna munthu woti azinyamula makalata pa sitima zoyendera nthunzi, Cunard anapambana mgwirizanowo mu 1839. Analibe sitima zake zoyenera, choncho anagwirizana ndi Robert Napier, katswiri wa mainjini wa ku Glasgow, pamodzi ndi George Burns ndi David MacIver, omwe anasonkha chuma. Pa 4 Julaye 1840 sitima yawo yotchedwa Britannia inanyamuka ku Liverpool kupita ku Halifax ndi ku Boston.

Britannia inali yamatabwa, yoyenda ndi magudumu awiri akuluakulu opalasa madzi m'mbali, yotalika mamita 63 okha. Inali ndi malo a anthu 115 ndi katundu wokwana matani 225. Malo ambiri ankadyedwa ndi malasha. Munalinso ng'ombe yamkaka, chifukwa mafiriji kunalibe. Ndinayesa kuyerekeza mamita 63 amenewo poyenda pa khonde lalitali la sitima yathu, ndipo ndinawamaliza ndisanayambe n'kupuma komwe. Inafika ku Halifax patatha masiku 12 ndi maola angapo. Munthu wa mapepala a katundu ngati ine amadziwa kuti chodabwitsa sichinali liwiro. Chinali chakuti sitima inanyamuka pa tsiku lomwe analengeza, ina n'kutsatira pa tsiku lakenso, ndipo amalonda anayamba kukonza ntchito zawo motsatira kalendala. Zilembo za RMS zomwe Queen Mary 2 ili nazo kutsogolo kwa dzina lake zimakumbutsa za ntchito ya makalata a ufumu imeneyo.

Cunard ankadziwika ndi kulimbikira chitetezo kuposa kuthamanga ndi kukongoletsa. M'ma 1850 kunabwera kampani ya ku America ya Collins, yokhala ndi sitima zaliwiro ndi zipinda zapamwamba, ndipo anthu anakhamukira kumeneko. Koma mu 1854 Arctic inamira itawombana ndi sitima ina m'chifunga, mu 1856 Pacific inasowa osaonekanso, ndipo pofika 1858 kampaniyo inali itatha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Cunard inadekha, ndipo dzina lake likadali pa chumuni mpaka lero.

Kudekhako ndinakumvetsa bwino usiku wachitatu. Masana kaputeni anali atachenjeza pa zokuzira mawu, monga amachitira 12 koloko iliyonse, kuti kutsogolo kuli namondwe. Pofika madzulo zitseko zotulukira panja zinali zitatsekedwa. Ndinatsikira kumunsi komwe kuli mazenera oyandikana ndi madzi, pomwe anthu amakhala n'kumasewera masewera a patebulo. Funde limabwera lobiriwira modera, lalitali kuposa zenera, n'kuliphimba lonse kuti bii, kenako n'kutsetsereka, thovu lili mbee. Sitima imakwera pang'onopang'ono, n'kuima kaye ngati ikuganiza, kenako n'kutsika ndi kugunda komwe umakumvera m'mawondo. M'mimba mwanga munabwadamuka, ndipo chakudya cha usiku umenewo sindinachikhudze. Mayi, omwe ndimawadera nkhawa, anali bwinobwino. Anandipeza nditagwira chitsulo n'kunena kuti, "Bambo, tiyeni mukagone, nyanjayi simuigonjetsa poiyang'anitsitsa." Anandipatsa mapiritsi ndi tiyi wa jinja, ndipo ndinagona tulo tofa nato.

M'mawa mwake kapu yomwe ndinasiya patebulo inali pomwepo, osagwa. Apa ndi pomwe pali kusiyana kwa sitimayi ndi zija zongozungulira m'zilumba kokasangalala. Stephen Payne, yemwe anajambula pulani yake, anaipatsa mphuno yaitali yosongoka, chitsulo chochindikala, ndi thupi lolowa kwambiri m'madzi, kuti izidula mafunde a kumpoto kwa Atlantic osataya nthawi. Ikhoza kuthamanga pafupifupi ma knot 30, omwe ndi makilomita pafupifupi 55 pa ola, ngakhale masiku ano imayenda mofatsa kuti isamwe mafuta ambiri. Namondwe uja sanatichedwetse ngakhale ola limodzi.

Za chakudya ndinene mwachidule, chifukwa ena analemba kale zambiri. Ife tinkadyera mu Britannia Restaurant, chipinda chachikulu chosanjikizana chomwe anthu ambiri amadyeramo. Msuzi unkabwera wotentha, nsomba yophikidwa bwino, ndipo mwanawankhosa wa usiku wachisanu anali wofewa moti mpeni unalibe ntchito. Woperekera zakudya wathu ataona kuti mayi samva bwino mbali imodzi, ankaima mbali inayo nthawi zonse polankhula nawo. Osafuna kuvala bwino amakadya ku Kings Court komwe munthu amadzitengera yekha. Cha m'ma hafu pasiti 3 masana kumakhala tiyi mu Queens Room, anyamata ndi atsikana ovala magolovesi oyera akulowa pamzere atanyamula matipoti, masikono otentha akutsatira. Fikani msanga, malo amadzaza.

Muyenera kudziwa kuti malo odyera amatengera chipinda chomwe mwalipira. A zipinda zodula amadyera kwaokha ku Princess Grill ndi ku Queens Grill. Ena zimenezi zimawakhumudwitsa. Ine sizinandipweteke, chifukwa pafupifupi sitima yonse ndi ya aliyense, koma zinandikumbutsa kuti sitima za pa njirayi zakhala zosanjikiza anthu kuyambira kale. Zithunzi zotchuka zimaonetsa akatswiri a mafilimu ndi nduna za boma atatsamira pa khonde. Koma kwa zaka zambiri ndalama zenizeni zinkachokera pansi, kwa anthu osauka a ku Ireland, ku Scandinavia, ku Hungary ndi kwina, ogona mothithikana pafupi ndi injini, atanyamula zonse za moyo wawo m'bokosi limodzi. America itakhwimitsa malamulo olowera m'dzikolo mu 1921 ndi 1924, mtsinje wa anthuwo unaphwa, ndipo makampani anayamba kusandutsa zipinda zapansizo kukhala za alendo okaona malo. Pa zikwangwani zija pali chithunzi cha anthu otere ali pa doko. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali kuposa cha munthu wotchuka aliyense.

Malo omwe ndinawakonda koposa ndi khonde lamatabwa la pa deck 7 (nsanjika za sitima amazitcha ma deck), lozungulira sitima yonse. Ukazungulira katatu wayenda mtunda wopitirira pang'ono mailo imodzi. Ndinkadzuka m'mamawa, n'kuvala jekete lochindikala, n'kuyamba kuyenda mphepo ikundimenya kumaso mbali imodzi, n'kumandikankha kumsana mbali inayo. Kutsogolo kuli zipalasiro zachitsulo zosungira, zoimikidwa ngati ziboliboli, chilichonse chachitali kuposa munthu. Masiku anayi athunthu sindinaone mtunda, ndipo sitima ina ndinaiona kamodzi kokha, ya makontena, ili kutali ngati kachidutswa ka sopo. Tsiku lina tinaona ma dolphin akudumpha m'mbali, ndipo nkhalamba ina yomwe sitinalankhulanepo inandigwira mkono kuti ndione.

Poyenda pamenepo ndinkaganiza za anthu a m'chipinda cha moto. Mauretania, sitima ya Cunard ya 1907, yomwe inamangidwa pamodzi ndi Lusitania ndi ngongole ya boma ya mapaundi 2.6 miliyoni, inasunga ulemu wa sitima yaliwiro koposa pa Atlantic kwa zaka pafupifupi 20, mpaka 1929. Liwiro limenelo linkadya malasha pafupifupi matani 1,000 patsiku, ndipo malasha onsewo ankaponyedwa m'ng'anjo ndi mafosholo, ndi manja a amuna oposa 300 osinthana usana ndi usiku, ali thukuta kamukamu m'kutentha kosaneneka. Olemera kumwamba ankabetcherana za mtunda womwe sitima iyende patsiku. Oyendetsa sitimayo kwenikweni anali pansi, akuda ndi fumbi. M'ma 1920 sitima zitayamba kuyendera mafuta, ntchito yawo inatha.

Tsiku lachisanu kaputeni analengeza kuti usiku tidutsa chapafupi ndi pomwe panamira Titanic. Titanic inali ya White Star, opikisana ndi Cunard, koma sitima yomwe inapulumutsa anthu inali ya Cunard, Carpathia, yonyamula anthu wamba ndi katundu, yomwe inali paulendo wochoka ku New York kupita ku Mediterranean. Kaputeni wake Arthur Rostron atamva uthenga pakati pa usiku wa pa 15 Epulo 1912, anatembenuza sitima, analamula kuti nthunzi yonse ipite ku injini, n'kuthamanga pakati pa mapiri a madzi oundana mumdima. Anatola anthu oposa 700. Usiku umenewo ine ndi mayi tinatuluka pa khonde lathu. Kunali chifunga, kuzizira kolowa m'mafupa, hutala ikulira mphindi zingapo zilizonse. Pansi madzi anali bii. Mayi anapemphera chamumtima, ine ndinangoti chete. Nkhaniyi ndinaiwerengapo kambirimbiri, koma ndinali ndisanadziwe kuti malowo ndi akutali chotere ndi thandizo lililonse.

Kampaniyi yaona zakuda zambiri. Lusitania inaphulitsidwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Germany pa 7 Meyi 1915 kufupi ndi gombe la Ireland, ndipo anthu pafupifupi 1,200 anafa. Lancastria inamizidwa ndi ndege zankhondo pa 17 Juni 1940 kunja kwa Saint-Nazaire, tawuni yomweyo yomwe inadzamanga sitima yomwe tinakwerayi, ndipo anafa anthu masauzande. Chuma cha dziko lonse chitalowa pansi, ntchito yomanga Queen Mary inaima mu 1931, chigoba chake chili dzimbiri ku Clydebank ku Scotland, mpaka boma linapereka ngongole pa mfundo yakuti Cunard iphatikizane ndi White Star mu 1934. Pa nkhondo yachiwiri Queen Mary ndi Queen Elizabeth zinapakidwa utoto wotuwa n'kumanyamula asilikali, ndipo mu Julaye 1943 Queen Mary inanyamula anthu 16,683 ulendo umodzi. Ndinkayesa kuwaika anthu amenewo m'makonde omwe ife 2,000 ndi kanthu tinkayendamo momasuka, mutu wanga n'kukana.

Chomwe nkhondo inalephera, ndege inachichita. Mu 1958 ndege za jeti zinayamba kuwoloka Atlantic, ndipo ulendo wa masiku asanu unasanduka wa maola ochepa. Queen Mary inapuma mu 1967, Queen Elizabeth inapsa ku Hong Kong mu 1972, ndipo Queen Elizabeth 2 (QE2) ya 1969 inatsala pafupifupi yokha pa njirayi kwa zaka zambiri. Mbali ya katundu, yomwe ine imandikhudza, inasinthanso nthawi yomweyo. Kontena inabwera n'kuthetsa ntchito yotsitsa matumba ndi mabokosi limodzilimodzi. Cunard inalowa m'gulu la Atlantic Container Line m'ma 1960, ndipo imodzi mwa sitima zake za makontena, Atlantic Conveyor, inaphulitsidwa pa nkhondo ya ku Falklands mu 1982, anthu 12 n'kufa, kuphatikizapo kaputeni wake Ian North. Pofika m'ma 1990 kampaniyi inali itachoka m'malonda a katundu, ndipo mu 1998 inagulidwa ndi Carnival ya ku America. Lero katundu wa pa Atlantic amayenda pa sitima zomwe palibe amazijambula, monga ija ndinaiona patali. Ndinaikweza dzanja ngakhale panalibe wondiona.

Pali tinthu tina tabwino tomwe ndingotchula. Popita kumadzulo wotchi imabwezedwa ola limodzi usiku kasanu, ndiye tsiku limakhala la maola 25 ndipo umafika ku New York thupi litazolowera kale nthawi yakumeneko. Kwa mayi, omwe amavutika ndi tulo, ichi chokha chinali mankhwala. Kutsogolo kwa deck 8 kuli laibulale ya mabuku masauzande, ndi mipando yoyang'ana komwe sitima ikulowera. Kuli holo yoonetsera nyenyezi padenga, ndipo m'mawa uliwonse kumakhala akatswiri okamba nkhani zosiyanasiyana. Pamwamba pali makola a agalu ndi amphaka a anthu osamuka, okhala ndi wowasamalira wake. Banja lina lomwe tinkadya nalo linakwera sitima chifukwa cha galu wawo wokalamba basi.

Okonzekera ulendowu adziwe izi. Mtengo umasintha kwambiri malinga ndi nyengo ndi chipinda, ndipo umaphatikiza malo ogona, chakudya ndi zisangalalo, koma zakumwa zambiri, intaneti ndi ndalama yothokozera antchito zimalipiridwa padera, m'madola a ku America. Madzulo anthu amavala mwaulemu, ndipo paulendo wathu panali mausiku awiri a suti yakuda ndi madiresi aatali. Mapepala olowera ku America muwakonzeretu ngati mmene mungachitire pokwera ndege. Palibe doko loima panjira, choncho munthu wosachedwa kutopa ndi kukhala malo amodzi aganize kawiri. Koma wokonda kuwerenga, kuyenda wapansi, kucheza ndi anthu osawadziwa, kapena woletsedwa ndege ngati mayi, sadzanong'oneza bondo.

Tsiku lomaliza ndinagula khadi lokhala ndi chithunzi cha sitima, n'kulembera mdzukulu yemwe anali asanabadwe. Ndinalemba tsiku ndi malo omwe kaputeni anatchula masana amenewo, n'kuliponya m'bokosi lofiira la makalata pafupi ndi bala ya m'sitimamo yotchedwa Golden Lion. Ndinkafuna kuti kalata imodzi ya banja lathu iwoloke Atlantic pa sitima ya Cunard.

Tinadzuka mbandakucha, 4 koloko itangodutsa, n'kukwera pamwamba titafunda mabulangete. Anthu anali atadzaza kale, onse ali phee. Magetsi a mlatho wa Verrazzano-Narrows anayandikira, ndipo aliyense anakweza maso kuyang'ana chumuni, chifukwa chimadutsa pansi pa mlathowo patangotsala mamita ochepa. Chinadutsa, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako kumanzere kunaoneka chiboliboli cha Liberty chitawalitsidwa, ndi kuseri kwake Ellis Island, komwe anthu oposa 12 miliyoni anapimidwa asanaloledwe kulowa. Mayi anandikoka jekete. "Bambo, taonani uko, tafika ndithu." Misozi inali ikutsika.

Tinakocheza ku Red Hook ku Brooklyn dzuwa likutuluka, pa tsiku lomwe linalembedwa pa tikiti. Mkamwini wathu anali akudikira panja. Kwa masiku awiri pansi pankandiyendabe ngati ndikadali pamadzi. Khadi lija linafika mwana ali ndi masiku anayi, ndipo amayi ake analiika mu felemu pamwamba pa kabedi kake.